Migolo Iwiri ya Orlando

Mtendere utabwera, Orlando anachoka ku msasa wa othawa nkhondo ku Mulanje atalonjeza mkazi wake Palmira chinthu chimodzi: nyumba yawo yatsopano ku Milange idzakhala ya simenti pansi, fumbi la mumsasa linali litawakwana. Anafika pa doko la Ruo ndi matumba a simentiyo komanso mgolo wodzaza palafini. Koma munthuyu anali wa zake zokha, ukamuuza kuti kumanja, iye ndiye kumanzere.

Poona kulemera kwa mgolowo, anabwereka wina wopanda kanthu, nagawa palafini pakati, n'kuigoneka yonse m'bwato.

"Epa, achimwene, bwezerani mumgolo umodzi," anatero a Lino, mwini bwato. "Wodzaza umakhala phee ngati mwala. Watheka umayenda."

"Mgolo uli ndi miyendo?" Orlando anaseka. "Theka uku, theka uku. Zalingana, pronto, basi."

"Bambo a Nelsa," Palmira analowererapo, akuuza mwamuna wake, "ndowa yosadzaza si ija imandinyowetsa msana pochoka kumjigo?"

"Ndowa ndi ndowa, bwato ndi bwato."

A Lino, poopa kukangana ndi mlendo wobwerera kwawo, anangopalasa. Pakati pa mtsinje, mkokomo wa madzi unapendeketsa bwato pang'ono chabe. Palafini wa m'migolo yonse iwiri anakhuthukira mbali yotsikayo, khuvu! Orlando anadziponya mbali inayo, palafini naye n'kumutsatira komweko. Asanamvetse chimene chikumukankha, bwato linali litagadabuzika.

Mwamwayi madzi anali olekeza m'chifuwa, ndipo onse anatuluka amoyo. Migolo ija inayandama bwinobwino ngati sinalakwe kanthu. Simenti ndiye anaivuula itamwa madzi, ndipo pofika ku Milange inali itauma gwa.

Palmira analira, kenako anatenga dothi n'kuzira nyumba yake monga ankachitira kumsasa. Matumba aja ali pabwalo mpaka lero, ndiwo mipando ya alendo. Orlando amakhala pamenepo mutu uli m'manja, n'kumafunsa aliyense wodutsa: "Palafini anali yemweyo, kulemera komweko. Nanga anandigwetsa ndani?"

Palmira amangodutsa ndi ndowa yodzaza mpaka m'milomo, osadontha ngakhale kadontho. Akuluakulu sananame: nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.