Wezulo wa Timu ya Njati

Kalekale, koma osati kale loti mpira unali usanafike kuno, pa esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phiri la Mulanje panali timu yotchedwa Njati. Bwalo lake analisalaza ndi makasu anthu othyola tiyi akaweruka kuntchito. Mmodzi mwa osalazawo anali a Namakhwa, amene pa nthawi ya nkhani yathuyi anali atakalamba. Ndiwo anali mkulu wa masapota komanso wosunga kiyi wa pageti.

Eni esiteti anali atanena mosapita m'mbali kuti chaka chimene Njati idzatuluke mu ligi, thalakitala idzalima bwalolo n'kubzalapo bulugamu. Sikunali kuipa mtima ayi, nkhuni zoumitsira tiyi kufakitale zinkachepa. A Namakhwa mawu amenewa ankayenda nawo ngati mwala mu nsapato.

Chaka chimenecho timu anaipereka kwa mphunzitsi Likoswe, munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Atayang'ana osewera ake, madoda a dazi ena a mimba, anati, "Awa agwira ntchito, apume." Anazungulira m'makomboni n'kutola achinyamata khumi ndi anayi. Anawaphunzitsa kupatsirana mpira pansi, pafupipafupi, ngakhale pakhomo penipeni pa golo lawo. Anyamatawo ankasewera mokongola, inde, ndipo ankagonjanso mokongola. Pa masewera asanu ndi anayi anagonja asanu ndi awiri, Njati n'kukhala pansi penipeni pa ligi.

"Ndipatseni zaka zitatu, bambo," anatero Likoswe.

"Zaka zitatu, aphunzitsi? Thalakitala ija siwerenga zaka," anayankha a Namakhwa.

Lolemba lotsatira masapota anasonkhana pageti, ndipo a Namakhwa anakhoma loko ndi manja awo. Likoswe anafika pa njinga, anaona lokoyo, anavula chipewa n'kupereka moni, kenako anatembenuka kubwerera. Bola akanatukwana. Ulemu umenewo unawachititsa manyazi a Namakhwa kwa masiku ambiri.

M'malo mwake munabwera mphunzitsi Matewere, chimunthu cha mawu aakulu, amene anapulumutsapo matimu atatu koma palibe ngakhale imodzi inamusunga chaka chachiwiri. Iye anaitananso madoda aja n'kukhazika achinyamata pabenchi. Lamulo lake linali limodzi: onse kumbuyo, mpira ukabwera umenyeni ukagwere mu tiyi. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mpira ukalowa m'munda wa tiyi sutuluka msanga. Pamene anthu akuufunafuna nthawi inkapita, madoda akupuma atagwira m'chiuno. Masewera ankatha opanda chigoli, oonerera akuyasamula, amayi a zigumu akubwerera nazo kunyumba. Zinali zotopetsa zedi. Koma pointi imodziimodzi inkabwera, ndipo Njati inayamba kukwawa kuchoka pansi paja.

Anafika masewera otsiriza. Apa kufanana mphamvu kunalibe ntchito, ankafunika kupambana basi. Madoda anatchinga mpaka kutsala mphindi khumi, alendo osamwetsa chigoli. Kenako kaputeni Mulinde, bambo wa ana asanu, anadumphira mpira n'kutera moipa. Bondo linalira anthu akumva, ndipo anamutulutsa atamugoneka pa chitseko. Anzake awiri anakweza manja kupempha kutuluka, miyendo itakana. Matewere atacheukira kubenchi anapezako achinyamata a Likoswe okhaokha. Analowetsa atatu, akukuwa kuti amenye mpira patali. Iwo sanamumvere. Anapatsirana pansi kasanu monga anawaphunzitsira Likoswe, ndipo mmodzi wa iwo, Chiletso, anagoletsa.

Njati inapulumuka. Anthu anavina, koma sanavine nthawi yaitali. Mulinde sanayendenso mowongoka, ndipo ntchito yothyola tiyi m'mapiri muja inamukanika. Eni esiteti anatumiza mawu oyamikira, n'kuwonjezera kuti lamulo lija silinasinthe.

Tsono Njati inali ndi mwambo wake. Ligi ikatha, mkulu wa masapota ankaima pakati pa bwalo n'kupereka wezulo wakale wachitsulo kwa mphunzitsi wa chaka chotsatira. Chaka chimenecho masapota anapangana kuti wolandira wezuloyo adzakhala mpaka ligi idzathe, za loko pageti zisachitikenso. Anaitana aphunzitsi onse awiri Loweruka masana kukugwa mvula yowaza, ndipo mkangano unabuka aphunzitsiwo asanatsegule n'komwe pakamwa.

Anayamba a Sapuwa, woyendetsa thalakitala ya esiteti. "Abale anga, wodzalima bwalo lino ndine. Musandipatse ntchito imeneyo. Popanda mapointi a Matewere, chigoli cha Chiletso chikanatipindulira chiyani? Tikanatuluka kalekale, tikuombera m'manja mpira wokongola."

Mayi Nasiyaya, mlongo wake wa Mulinde, anaimirira. "Achimwene, mapointi mukunenawo anagulidwa ndi bondo la mlongo wanga. Chaka chamawa mudzapereka bondo la yani? Madoda aja atha. Amene anatipulumutsa ndi ana a Likoswe, munthu amene tinamutsekera geti ngati wakuba."

A Namakhwa anagwetsa nkhope pansi, poti loko uja anakhoma ndi iwo. Kenako anapempha aphunzitsiwo kuti alankhule zoona zokhazokha.

Matewere anati, "Bambo, ine ntchito yanga mukuidziwa. Mukandipatsa madoda otsalawo ndi ena awiri ochokera kwina, chaka chamawa bwalo lino lidzakhalapo, ndikulumbira. Za chaka chinacho musandifunse. Ana awa sindingawadalire, samvera."

Likoswe anati, "Inenso sindikunamizani, bambo. Anyamatawa sanakhwime. Chaka chamawa tikhoza kutuluka. Koma tikadutsa chaka chimenecho, kwa zaka khumi simudzamvanso za bulugamu."

Pomaliza Chiletso analankhulira anzake mwaulemu, manja kumbuyo. Anati matimu a m'tauni awaitana, ndipo sangakhalenso chaka china pabenchi akuonerera mpira ukugwera mu tiyi. Likoswe akabwerera atsala, akapanda kubwerera apita onse khumi ndi anayi.

Mvula inakula, koma palibe anachoka. A Namakhwa anaimirira pakati pa bwalo, wezulo ali m'manja. Anaona kuti akapatsa Matewere, ndiye kuti athamangitsa Likoswe kachiwiri pamodzi ndi achinyamata onse, ndipo bwalo lidzakhalapo chaka chimodzi kapena ziwiri mpaka madoda adzatheretu. Akapatsa Likoswe, ndiye kuti ataya munthu amene anawatola ali pansi, ndipo mwina chaka chamawa chomwechi adzaima pageti akuonerera a Sapuwa akulima malo amene iwo anasalaza ali mnyamata. Anayang'ana uyu, anayang'ana uyo.

Ine nkhani ndaifikitsa pamenepa, kwatsala kwa inu amene mwamvetsera. Winayo anapulumutsa bwalo koma anatha anthu, mnzakeyo anakonza anthu koma anatsala pang'ono kutayitsa bwalo. Mukanakhala a Namakhwa, mutaima pa mvula paja anthu onse akukuyang'anani, wezulo mukanapatsa yani?