Thumba la Nguluwe Losakhudza Pansi

Kalekale, mvula isanaphunzire kunama, padangokhala Gologolo wina wamasiye, dzina lake Nankhoma. Ana inu sendererani kuno. Akuluakulu musanamizire kusinza, nkhaniyi ndi yanunso.

Nankhoma sanapite kusukulu, koma ana ake ankapita. Akabwera ndi homuweki ya masamu, iye ankakhala nawo panthambi, n'kumawafunsa mpaka anawo kutopa.

"Kodi ekisi ameneyu ndi mwana wa yani?"

"Amayi, ekisi ndi nambala yobisala. Aphunzitsi a Nyani akuti mukafuna kuigwira, chimene mwachotsa mbali iyi muchotsenso mbali iyo, mpaka itsale yokha."

Nankhoma anasunga mawuwo mmene amasungira mtedza m'tsaya. Mayi ameneyu ine ndimamugomera, ndinene poyera.

Chaka chimenecho analima munda wa maungu pamodzi ndi Nguluwe, atapangana kudzagawana pakati. Nguluwe mukumudziwa, khasu limamulemera koma pakamwa sipalema. Maungu anabereka ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Tsiku logawana, Nankhoma anapeza mulu utaphwa, maungu khumi ndi awiri okha, Nguluwe ali poteropo, thumba lomanga kukamwa lili pamsana. Mtima unamupweteka. Maungu asanu ndi limodzi sakanawaolotsa ana ake miyezi ya njala.

"Achimwene, m'thumbamo muli chiyani?"

"Masamba a mankhwala otsirikira munda," anatero Nguluwe. "Asing'anga anati wotsegula adzatupa mimba. Ndipo likangokhudza pansi, mudzi wonse mphere!"

"Ayi, ine sinditsegula. Koma poti lisakhudze pansi, tiyeni tikagawanire kusukulu. Mukalitule pathabwa lija ana amaseweretsa."

Nguluwe msana unali utawawa kale, ndiye anavomera. Thabwalo linali lopingasa pachipika, mbali iyi ikatsika inayo imakwera. Nyama zinasonkhana kudzaonerera. A Nyani anagwira thabwa, Nguluwe anasanjika thumba ndi maungu ake asanu ndi limodzi, Nankhoma ake asanu ndi limodzi mbali inayo. A Nyani atasiya, thabwa kweee, mbali ya Nguluwe kutsika.

"Mayo, mankhwala akukhudza pansi!" anakuwa Nankhoma. "Achimwene, chotsaniko msanga!"

"Mphere! Mphere!" zinakuwa nyama zonse.

Nguluwe, thukuta kamukamu, anagubuduzira dzungu limodzi kwa Nankhoma. Thabwa kweee, likutsikabe.

"Mphere!"

Anagubuduza lina. Thabwa phee, lalingana. Tsopano kwa Nguluwe kunali thumba ndi maungu anayi, kwa Nankhoma asanu ndi atatu.

"Aphunzitsi, si homuweki iyi?" anatero Nankhoma. "Thumba kuphatikiza folo, yankho eyiti. Tandithandizani, mukachotsa kuno muchotsenso uko."

Limodzi kuno, limodzi uko, thabwa phee. Limodzi kuno, limodzi uko, thabwa phee. Anachotsa mpaka thumba linatsala lokhalokha, likuyang'anizana ndi maungu anayi, thabwa osagwedera.

"Ekisi ndi folo!" anakuwa ana asukulu, a Nyani n'kuomba m'manja.

"Achimwene," anatero Nankhoma mwaulemu, "masamba anu akulemera ngati maungu anayi ndendende. Asing'anga amenewa amadziwa kuthyola."

Nguluwe akanangoseka n'kumasula thumba, nkhani ikanathera pamanyazi. Koma wadyera, abale, amakakamira ngakhale atagwidwa.

"Ndati ndi mankhwala! Mankhwala amphamvu amalemera!"

"Ndiye n'zoopsatu. Chinthu chotere si choyenda nacho pamsana, mungapunthwe nacho. Aphunzitsi, chonde kalipachikeni pamwamba pa mkuyu, lisadzakhudze pansi."

"Eya, pamwamba!" zinavomereza nyama, zina zitayamba kale kudzikanda.

A Nyani anakwera nalo mpaka kunsonga, n'kulimanga ndi luzi. Atatsika anati, "Thabwa linalingana tonse tikuona. Aliyense atenge za mbali yake." Nankhoma anagubuduza maungu asanu ndi atatu. Nguluwe anatenga anayi, thumba lake lili m'mwambamo.

Tsono Nguluwe sakwera mtengo, ngakhale kuyang'ana kumwamba khosi limamukanika. Nanga Gologolo kwawo n'kuti? Njala itafika pachimake, Nguluwe ankagona patsinde pa mkuyu, m'mimba muli kulira, makoko a nthangala za maungu n'kumamugwera pamphuno, tho, tho, tho.

"Nankhoma, n'chiyani chikugwachi?"

"Mankhwala anu akuyoyoka, achimwene. Thawani mphere!"

Yanga yathera patsinde pomwepo, wina akandiphulire mbatata isanapserere. Ndipo inu amene mumabisa homuweki n'kumati masamu sadyedwa, kafunseni ana a Nankhoma.