Mano a Ndatola

Panali munthu wina, dzina lake Zembeni, amene munda wake unali kumapeto kwenikweni kwa mudzi, pamene mizere ya chimanga imagundana ndi nkhalango yotetezedwa. Mkazi wake anali atamwalira. Ana ake anali atakula n'kupita kumatauni, ndipo pakhomo pake sipankamveka mawu a munthu, koma a tambala ndi agalu basi.

Chaka china, chimanga chitayamba kukhwima, apusi anatsika m'nkhalango kudzakolola zimene sanalime. Zembeni anawakhwirizira agalu monga ankachitira nthawi zonse. Apusi onse anathawira m'mitengo, koma mmodzi wamkazi anachedwa chifukwa anali atanyamula mwana pamimba. Agalu anamugwira. Pamene Zembeni ankafika, pusiyo anali atafa kale, koma kamwana kake kanali chigwirire ubweya wa make, kakuyamwabe.

Zembeni anagwada, n'kumasula tizala take kamodzikamodzi, n'kukaika m'thumba la jekete. Atafika kunyumba anakatcha Ndatola.

Anakamwetsa mkaka wa mbuzi ndi sipuni. Anakakanyira nthochi. Kakalira ankakafungatira mpaka katagona. Ndatola anakula, nayamba kukwera paphewa pa mbuye wake ndi kumufufuza m'imvi ngati akusaka nsabwe. Zembeni, amene anali ataiwala kuyankhula m'nyumba mwake, anayambanso kuyankhula. Ankamuuza Ndatola za mvula, za msana wake wowawa, ndi za ana amene sankabwera kudzamuona.

Tsono kuderalo kunali lamulo limene aliyense ankalidziwa: nyama yakutchire sisungidwa pakhomo. Munthu akatola kamwana ka nyama ankayenera kukakapereka kwa agemu, ndiwo alonda a nyama za m'nkhalango. Agemuwo anali ndi malo awo olererako ana amasiye oterowo. Kumeneko apusi ankakulira pakati pa apusi anzawo, kuphunzira kulira kwa mtundu wawo ndi kufuna okha chakudya, ndipo akakhwima ankabwezedwa kutchire ali gulu limodzi.

Mbiri ya Ndatola itamveka, mayi wina wa agemu anafika pakhomo pa Zembeni. Sanabwere ndi ukali. Anakhala pakhonde, nayang'ana kapusiko kakusewera ndi chingwe cha nsapato yake.

"Bambo, munachita bwino kumupulumutsa," anatero mayiyo. "Koma mutipatse akadali wamng'ono. Lero ndi khanda, mawa ndi pusi."

"Mayi, taonani mmene wandigwirira khutu," anayankha Zembeni. "Ndimuchotse bwanji? Ndiloleni ndikolole kaye, ndidzabwera naye ndekha."

Mayiyo anali ndi mphamvu zomulanda tsiku lomwelo, koma anamvera chisoni nkhalambayo ndipo anakhulupirira mawu ake. Zembeni anakolola, koma sanapite. Mayi uja atabweranso, Zembeni anabisa Ndatola m'nkhokwe n'kunena kuti anathawira kwawo kunkhalango. Mvula inagwa, anadzala, anakololanso. Ndatola anamangidwa chingwe m'chiuno kuti asamapite kutali, ndipo apusi anzake akamadutsa m'mitengo ankangowayang'ana ngati alendo.

Mawu a mayi uja anakwaniritsidwa. Khanda linasanduka pusi. Mapewa anakula, mtima unayamba kupsa msanga, ndipo m'kamwa munamera mano anayi aatali, akuthwa ngati minga.

Tsiku lina Tiyese, mwana wamkazi wa Nasimango amene ankakhala nyumba yoyandikana, anadutsa pafupi akudya bango. Ndatola analigwira. Mwanayo anakoka. Pusi anamuluma pamkono mpaka mnofu kung'ambika. Make anathamangira naye kuchipatala kumene anamusoka ndi kumubaya majakisoni, ndipo pobwerera Nasimango sanalowe n'komwe m'nyumba mwake. Analunjika kwa Zembeni, chitenje atamangira m'chiuno.

"A Zembeni, anzanu akuweta mbuzi, inu mukuweta chilombo! Mwana wanu wokondedwayu bwanji osamulembetsa sukulu akaphunzire ulemu? Ine ndikupita kwa agemu. Ndikawauza kuti amene anathawira kunkhalango uja amagona m'nkhokwe mwanu."

"Pepani, mayi a Tiyese, ndagwira mwendo wanu," anadandaula Zembeni. "Musandichotsere ameneyu. Mtima wake ndi wabwino, ankangofuna bango."

"Mwana wanga sanalumidwe ndi mtima, walumidwa ndi mano! Ndikukupatsani mpaka Tiyese atachotsedwa ulusi. Mukapanda kuchitapo kanthu, ndichita ndine."

Zembeni anakhala pakhonde akusinkhasinkha. Njira yoongoka ankaidziwa: kumasula chingwe, kukwera njinga, kukapereka Ndatola kwa agemu. Koma akaganiza za nyumba yake itabwerera kukhala chete, mtima unkakana. Ndipo anadziuza kuti: Mlandu uli pa mano. Mano akachoka, palibe adzalumidwe. Popanda wolumidwa, palibe adzadandaule. Popanda wodandaula, agemu sadzabwera.

M'mawa mwake anapita kwa wokonza njinga kukabwereka chodulira mawaya. Atabwerako anatsekera agalu, natenga chiguduli, naitana.

"Ndatola! Bwera, mwanangu."

Pusi anabwera akudumphadumpha monga mwa masiku onse, nakwera pamiyendo pake. Zembeni anamukulunga m'chigudulicho, mutu wokha uli kunja. Anamupana ndi mawondo. Anamutsekula kukamwa ndi kamtengo. Ndipo anadula mano anayi aja, limodzi pambuyo pa linzake, akunena mobwerezabwereza kuti, "Ndikuchitira iwe, mwanangu, kuti asakutenge." Kulira kwa Ndatola kunamveka mudzi wonse, ndipo ngakhale amayi amene ankasinja analeka kusinja.

Atatha, Zembeni anapita kwa Nasimango natambasula dzanja. M'chikhatho munali tizidutswa toyera tamagazi.

Nasimango anagwira pakamwa. "Mayo ine! A Zembeni, ine sindinati mutero."

Mayiyo sanapitenso kwa agemu. Palibe anadandaulanso. Zimene Zembeni ankafuna zinachitika ndithu: pusi wake sanatengedwe.

Koma Ndatola analeka kudya. Nkhama zinatupa, m'kamwa munayamba kununkha. Akamupatsa nthochi ankaigwira, n'kuiyang'ana, n'kuisiya. Akamva mawu a Zembeni ankathawira kumapeto kwa chingwe chake n'kubisa nkhope m'manja. Thupi linatha mpaka nthiti kuonekera. Zembeni ataona kuti akachedwa adzakumba kadzenje kuseri kwa nyumba, anamuika m'dengu, namangirira pa njinga, napalasa ulendo umene anaukana kwa zaka.

Kwa agemu anapeza mayi yemwe uja. Mayiyo anamuzindikira, koma sanamukumbutse za bodza lake. Anaitana dokotala wa nyama, amene anamugoneka Ndatola ndi mankhwala n'kumuyang'ana m'kamwa.

"Achira?" anafunsa Zembeni.

"Zilonda zipola," anatero mayiyo. "Tabwerani muone kuno, bambo."

Anamutengera kumpanda waukulu wa waya, mkati mwake muli mitengo. M'mitengomo munali apusi ambiri akuthamangitsana ndi kupesana ubweya.

"Onsewa ndi amasiye. Ena anabwera ang'ono kuposa mmene ndinamuonera wanu uja. Mvula ikagwa, zipatso zikachuluka, tikawasiya kunkhalango."

Nkhope ya Zembeni inawala pang'ono. "Basi mutengeni, mayi. Ndavomera. Apite nawo kwawo."

"Sangapite nawo."

"Bwanji? Sindidzabweranso kudzamufuna, ndikulumbira."

"Vuto si inu tsopano, bambo. Mano munadulawo sameranso. Pusi wamphongo wopanda mano amenewa sangadziteteze kwa amphongo anzake, ndipo zipatso zolimba za m'tchire sangazithe. Tikamusiya kumeneko ndiye kuti tamupha. Mukanabwera naye ali ndi mano, ngakhale ataluma munthu, njira inalipo. Tidzamusamala, tidzamuphikira zofewa, koma adzakalambira m'waya."

Zembeni anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Mayiyo anamuuza kuti mlandu wosunga ndi kuvulaza nyama yakutchire uyenera kukaweruzidwa. Iye anangogwedeza mutu. Chilango chilichonse chinali chopepuka kwa iye poyerekeza ndi mawu amene anali atangomva.

Mvula itagwa, galimoto inabwera kudzatenga apusi aja. Ndatola, amene anali atachira ndipo anali atayamba kuwazolowera kudzera m'mipata ya waya, anakwera pamwamba pa khola lake nawaitana. Iwo anamuyankha kufikira galimoto itakhota. Iye anapitiriza kuitana.

Inu amene mwamva fanizoli, musafulumire kunena kuti Zembeni anali wankhanza. Anali munthu wachikondi, koma chikondi chake chinkaopa kutsala chokha kuposa mmene chinkafunira zabwino wokondedwayo. Lamulo loletsa kusunga nyama zakutchire analiona ngati mdani wodzamulanda, chonsecho linali khomo lokhalo lotulukira Ndatola, ndipo analitseka ndi manja ake.

Choncho dzifunseni za chimene mukuchisunga, kaya ndi nyama ya m'tchire, kaya ndi mwana amene mukumukaniza kupita kumene akanakula. Ngati kuti chikhalebe pafupi nanu muyenera kuchidula kanthu kena, ndiye kuti nthawi yochimasula yakwana. Masulani chikadali chathunthu, pakuti mukadzavomera mochedwa, mudzapeza kuti mwamasula chimene sichingathenso kupita.