Bowo la pa Ulalo wa Msambanyani

Kalekale, akuluakulu akusinzawa asanamere ndi mano omwe, panali mtsinje wotchedwa Msambanyani. Khalani chete ana inu, wofuna kutsokomola atsokomoleretu. Mtsinjewu unali wakuya, ng'ona zili mbwee, ndipo wogweramo sankafunsidwa dzina.

Nyama zinatopa nawo, n'kugwirizana zomanga ulalo. Panalibe wolemba mnzake ganyu, panalibe malipiro. Aliyense ankabwera akatha za kwawo, uyu ndi mtengo, uyu ndi luzi. Atchete, mbalame zoluka zisa zija, ankamanga mfundo. Achiswe nawo anathandiza kwambiri, analonjeza kuti sadya. Nyani anathandiza ndi pakamwa. Ulalo unatha, aliyense n'kumawoloka ulere.

Kenako anaika mwambo. Wofuna kukonza ulalo abweretse mtengo, koma asauike yekha, kuopa kuti wina angaikepo wofumbwa. Ausiye m'mbali mwa mtsinje, woyang'anira auone. Akauvomera, ulowe mu ulalo. Akaukana, mwini wake autenge akachite nawo zofuna zake. Koma ukadali kudikira, mtengowo ndi wa ulalo, woukhudza wapalamula. Mwambo wabwino, eti? Dikirani.

Pa uyang'aniro anasankha Njati, chifukwa mtengo woyamba anagwetsa ndiye. Umodzi womwewo basi, ndipo ena amati unagwa wokha iye akudzikanda. Koma ukangomupatsa moni, "Mwadzuka bwanji a Njati?" yankho linali lakuti, "Ndadzuka, ine amene ndinaika mtengo woyamba."

Njati anazindikira msanga kuti kuvomera sikukhutitsa, kukananso sikukhutitsa. Chokhutitsa n'kudikiritsa. Wina akabwera ndi mtengo, iye, "Ikani apo, ndiona." Wina ndi luzi, "Ikani apo, ndiona." Odikirawo, pofuna kuti zawo zionedwe msanga, anayamba kubwera ndi kadzungu, kamsipu kanthete, ati kuti maso a bambo aone bwino. Mulu wa mitengo unakula, mimba ya Njati inakula, ulalo n'kumakalamba.

Tsopano kunali Sakhwi, kanyama konga mbewa, kamphuno kosongoka. Ulalo ukadali wabwino, Sakhwi anafunsira mbeta kutsidya, dzina lake Nangondo. Apongozi ananena mosapsatira: "Mkamwini abwere adzamange nyumba mvula isanagwe. Akalephera, Fuko alipo. Nayenso akumufuna mwanayu, ndipo ndi wakonkuno." Fuko mukumudziwa, wa mano panja uja. Sakhwi akaganiza za Nangondo akuphikira Fuko, mtima unkamupweteka mpaka chakudya osalowa.

Vuto linali bowo. Pakati pa ulalo mtengo umodzi unawola n'kugwa. Kwa Njati sichinali kanthu, ankangodutsa pamwamba osadziwa. Kwa Sakhwi linali phompho, pansi ng'ona ili kukamwa yasa.

Sakhwi anadula kamtengo, n'kukakoka khwekhwerere, khwekhwerere, mpaka kwa Njati.

"Bambo, ndabweretsa kotsekera bowo lija."

"Bowo liti?"

"La pakati paja."

"Ine ndawoloka m'mawa womwe uno. Kwa ine ulalo uli bwinobwino."

"Komatu inu miyendo yanu ndi ikuluikulu."

"Ndiye chofunika kukonza ndi ulalo kapena miyendo yako? Ika apo, ndiona."

Sakhwi anaitanitsa msonkhano, nyama zinabwera ndithu, pajatu msonkhano sulemera ngati mtengo. Asanatsegule n'komwe pakamwa, Nyani anaimirira. "Tisanafike ku bowo, tigwirizane kaye. Luzi tizilizunguliza chakumanja kapena chakumanzere?"

"Chakumanzere," anatero Pusi.

"Womanga chakumanzere sanaleredwe!"

"Mukunena amayi anga?"

Ndiye chipwirikiti. Nungu anakwiya, nalengeza kuti wachoka ndipo sadzapondanso pa ulalowo. Anapita mpaka pachulu, n'kubwerera kudzafunsa ngati onse amva kuti wachoka. Msonkhano unatha bowo lisanatchulidwe, koma onse anavomereza kuti wayenda bwino ndipo pakhale wina.

Uku mitambo yayamba kuda. Sakhwi anakhala pansi pafupi ndi mulu uja, misozi ili lengelenge. Anauyang'ana mulu, anauyang'ana mtsinje. Anauyang'ananso mulu. Aa! Mitengo imene inaunjikana apo inali yokwanira ulalo wina wathunthu. Chinkaitsekera ndi mawu amodzi okha, amene Njati sankawatulutsa chifukwa cha maungu. Kamphuno ka Sakhwi kanayamba kugwedera.

M'mawa mwake anapita kwa Njati, nagwada, naomba m'manja.

"Ngati ndi za bowo, bwerera," anatero Njati, kukamwa kuli dzungu.

"Bowo kulibe, bambo, munanena ndinu. Ine ndabwera kudzayamika kudzichepetsa kwanu."

"Eya, kudzichepetsa ndili nako kwambiri, palibe wondiposa. Wakuona pati?"

"Pa mulu uwu. Wina sakanapirira. Alendo akamadutsa amaima, ati, 'Kodi mitengo yowongoka chonchi ndi ya ndani?' Ndiye Nyani amayankha kuti yambiri ndi yake, ndipo a Njati akulephera kuikana chifukwa alibe poipezera chilema."

Njati anasiya kutafuna. "Nyani watero?"

"Musandiulule, bambo. Akutinso woyang'anira ayenera kukhala wa mitengo yambiri, osati wa umodzi. Dzulo ndamuona akuyeserera kakhalidwe kanu pamwala paja. Ndiye alendowo amafunsa kuti bwanji osachotsa chakale chokhota chija."

"Chakale chiti?"

"Pepani bambo. Chimtengo chanu choyamba chija."

Mayo ine! Njati anadzambatuka, phazi pansi di! di! Fumbi koboo! Anakuwa mpaka nyama zonse zinathamangira konko. Iye anaima pambali pa mulu, osauyang'ana n'komwe.

"Mitengo yonseyi ndaiona! Yokhota! Yofumbwa! Ndakana! Wa Nyani ndakana, wa Pusi ndakana, luzi ndakana! Ngakhale imene simunadule, ndakaniratu!"

"Ndi kanga komwe, bambo?" anafunsa Sakhwi.

"Kako ndakakana kawiri!"

"Mwamva nonse?"

"Tamva," zinayankha nyama, nkhope zili zyoli.

"Ndiye mukudandaula chiyani?" anatero Sakhwi. "Mwambo umati chokanidwa n'cha mwini wake. Aliyense anyamule chake. Kumunsi kuja kuli malo opapatiza."

Nyama zinayang'anizana. Nyani anati nzeru imeneyo anali nayo kalekale, kungoti sanainene. Zinanyamula mitengo kutsetsereka nayo, Njati akuseka kuti waziphunzitsa mwambo.

Kumunsiko ntchito inali go! go! go! Mitengo inali youma kale, yodikira kwa nthawi yaitali. Atchete anamanga mbali imodzi chakumanja, mbali inayo chakumanzere, Nyani ndi Pusi aliyense n'kumadzitama kuti wapambana. Nungu, amene anachoka uja, ndiye ankalozera poika. Achiswe nawo anasamuka ndi lonjezo lawo. Anati iwo analonjeza kusadya ulalo umene anzawo akugwirapo ntchito, za ulalo wakalewo sakudziwa.

Kumtunda Njati anadikira dzungu. Zii. Anadikira msipu. Zii. M'mimba mutayamba kulira, anatsetsereka, n'kupeza ulalo watsopano uli tayale, nyama zikuwoloka.

"Akuba inu! Mwaba ulalo wanga!"

"Ulalo wanu uli pomwe paja, bambo," anatero Sakhwi. "Ndi bowo lake lomwe, sitinalikhudze."

"Mwaba mitengo!"

"Munaikana. Kanga munakakana kawiri."

"Mwaba nzeru ya kamangidwe!"

"Munthu akapala moto kwa mnzake, kwa mwini moto kumazima? Nzeru yanu mukadali nayo yonse, palibe wachepetsako."

Njati anatembenuka. Anabwerera ali fuu, fuu, nati aonetse dziko kuti ulalo weniweni ndi uti. Anakwera, nakakhala pakati penipeni, iye ndi maungu onse a m'mimba mwake. Koma achiswe anali atadya kale mfisulo ndi nkhomaliro. Ulalo unati tswa. Unatinso tswa, tswa. Kenako phwa! Njati m'madzi khuvu! Ng'ona inamuyeza ndi maso, inaona kuti wakula kuposa kukamwa kwake, inangobudula nsonga ya mchira kuti isavutike pachabe. Njati anatuluka matope okhaokha atakumbatira chipika, akukuwa kuti onse aone, mtengo woyamba sunamire. Panalibe woonerera.

Nthawi imeneyo Sakhwi anali pa ulalo watsopano, madontho oyamba a mvula akumugwera pamphuno. Anathamanga tiri tiri tiri, osacheuka. Anafika kwa apongozi, anazika nsichi mvula ikumukwapula, anafolera akunjenjemera. Nangondo anaseka, Sakhwi anasangalala mpaka kulira. Fuko analowa pansi ndi manyazi, mpaka lero sanatuluke bwinobwino.

Dzinja litatha, luzi la ulalo watsopano linayamba kumasuka. Nyama zinati palibe vuto, tili naye mtsogoleri wanzeru, wokonda anzake, amene anatipulumutsa. Zinawoloka mosamala, zikuimba nyimbo zomutamanda, n'kumupeza Sakhwi ali m'munda mwa apongozi, wanenepa, Nangondo akumubweretsera thobwa.

"A Sakhwi, ulalo wanu uja ukufuna kukonza," anatero Nyani.

"Ulalo wanga? Uti?"

"Umene munatitsogolera kumanga. Takusankhani kukhala woyang'anira."

Sakhwi anamwa thobwa, anapukuta kamphuno. "Abale anga, ine ndinkafuna Nangondo. Nangondo ndi uyu. Kutsidya kwanuko ndikatengako chiyani? Ulalowo ndi wa tonse, kaukonzeni. Powoloka muziponda chakumanja, ndamva kuti kumanzereko kukugwedera."

Anatola khasu, n'kupitiriza kulima.

Ndiye inu akuluakulu, poti mwadzuka tsopano, mukaona munthu akukhetsa thukuta pa ntchito ya tonse, musafulumire kumuimbira nthungululu. Yambani mwafunsa kuti kutsidyako kuli ndani. Nthano yanga yagona pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa aphule, ikapserera asanene ine.