Phala la Pachulu

Estele ankasenda chinangwa pakhomo pake kufupi ndi Muloza pamene anamva kuti mwamuna wake, Alufeyo, wabwerako kuutengatenga, komwe ankasenza katundu wa asilikali pankhondo ya Azungu. Munali mu 1918, mvula yoyamba itangogwa. Koma munthuyo pakhomo sanafikepo ayi. Anakalowa mumsasa wa kumunda wa nandolo n'kumakuwa ali komweko kuti pasapezeke womuyandikira. Akuti anali atatenga fuluwenza, chifuwa chopatsirana chimene chinapulula anzake m'njira, ndiye chakudya azingomusiyira pachulu.

Estele sizinamulowe. Mwamuna wanji wosafuna n'kuona komwe khanda limene analisiya m'mimba? Paja ndani sadziwa kuti mwamuna akayenda ndi mkazi wina kuulendo amaopa kunyamula mwana, kuti angamudwalitse tsempho? Chifuwacho n'chophimbira chabe, basi. Ku Milange kumene anadzerako kuli akazi, si miyala.

Mkulu wake wa Estele, Janeti, ndiye ankatula phala pachulu n'kubwerera. Anamuuza kuti kutsokomola koteroko munthu sangachite kunamizira. Estele anangoyamba kumukayikira nayenso, kuti kapena dzina la mkaziyo akulidziwa.

M'mawa wina Estele anabereka khanda lija kumsana, ulendo wa kumsasa. Alufeyo atamuona anatola chibuluma cha dothi n'kumugenda nacho kumapazi.

"Bwererani, amake mwana! Ndagwira mwendo wanu, musalowe naye muno."

"Ngati simunalowe nyumba ina, munyamuleni mwana wanu ndione," anatero Estele, n'kumugoneka pachifuwa pa bambo ake.

Alufeyo analibe mphamvu zothawira. Anatembenuzira nkhope kuudzu, misozi ili chuchuchu, koma chifuwa sichimangika ndi luzi. Anatsokomola.

Pasanapite nthawi khanda linatentha thupi, kupuma kuli befubefu, mpaka linamwalira. Estele, ali m'misozi, anauza anthu kuti tsempho lija ndi limeneli. Koma kenaka anagwa mwini wake ndi chifuwa chomwecho, n'kugwanso mayi ake omwe ankamudwazika, ndi anansi amene anabwera kudzazonda. Nanga tsempho lanji logwira ndi nkhalamba zomwe, zosakhudzana ndi ukwati wa eni? Kwa Janeti, yemwe anatsekera ana ake m'nyumba anthu n'kumamunena kuti ngouma mtima, sikunatuluke maliro.

Estele atadzuka pamphasa anadzikoka kupita kumunda. Anapeza Alufeyo atachira, ali pakhomo pa msasa, atatha ngati bango. Bamboyo sanakalipe, sanamuloze chala. Anangofunsa motsitsa mawu:

"Kodi mwana uja munamutcha ndani?"

Estele anakhala pansi nalira mpaka mawu kusasa. Manyazi ndi chisoni zinamudya, poti apa m'pamene anazindikira kuti chibuluma chija sichinali chidani. Akuluakulu sanakambire kumbali: wakutsina khutu ndi mnansi.