Chinkhwe Chimene Kanjedza Anachimanga Mlomo

Kalekale, anthu akuyendabe wapansi kuchokera ku Dzalanyama mpaka ku Linthipe, padangokhala munthu wina, dzina lake Kanjedza. Sendera kuno, mphwanga, umve bwino, pakuti iwenso pakamwa pakopo sipachedwa kukalipa.

Kanjedza anali wamasiye. Amayi ake pomwalira sanamusiyire mbuzi, sanamusiyire ng'ombe. Anamusiyira chinkhwe, mbalame yobiriwira ija yotsanzira mawu a anthu. Chinkhwecho chinakulira pakhonde pa mayiwo, n'kutola mawu awo enieni. Kanjedza akamachokera kumunda, icho chinkamulonjera kuti, "Wadya kodi, mwanawe?" Mawu a malemu omwewo, ndi kusasa kwake komwe. Akamva zimenezo, umasiye unkayamba wapepuka.

Ndiye Kanjedza anakwatira Nachisale, napita kuchikamwini. Katundu wake anali khasu, mphasa, ndi chinkhwe paphewa.

Kumeneko kukacha onse ankapita kumunda. Chinkhwe chinkatsala chokha m'nyumba, chitseko chotseka. Chinayang'ana uku, zii. Chinayang'ana uko, zii. Basi chinayamba mphasa. Kukutu, kukutu, kukutu! Chitamaliza mphasa, chinagwira mpini wa nkhwangwa. Chitatopa ndi mpini, chinapeza lichero la apongozi, limene Nachisale anabwereka. Kukutu, kukutu, kukutu! Lichero linatsala mkombero wokha.

Pajatu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Choncho apongozi sanalankhule naye. Anaitana mwana wawo.

"Iwe Nachisale, kawauze amuna akowo. Pakhomo pano tinalandira mkamwini, sitinalandire chiswe cha mapiko. Ikangowononganso kanthu mbalameyo, ichoke."

Nachisale anakafikitsa uthengawo. "Bambo, amayi akwiya. Akuti ikabwerezanso, ichoke."

Kanjedza anagwidwa ndi mantha. Kukana sakanatha, paja amati mkamwini asamakule mwendo. Kutaya mbalame sakanathanso, pakuti ikanapita ndi mawu a amayi ake. Ndiye anati, "Ndiiletsa ndekha."

Anapaka tsabola pachitseko ndi pamipini yonse. Chinkhwe chinanyambita tsabolayo, chinakomedwa, n'kukukuta koposa kale. Wosauka Kanjedza, anali atangochiikira ndiwo!

Anachivundikira ndi dengu. Pobwera anapeza dengu lili ndi zenera, mwini wake ali pamwamba akudzikonza nthenga.

Apo anayamba kukalipa. M'mawa, "Leka! Choka apo!" Masana, "Leka! Choka apo!" Madzulo, "Leka! Choka apo!" Icho chikati, "Wadya kodi, mwanawe?" iye sankayankhanso, maso ali pa zimene chawononga.

Pomaliza anatenga luzi. Akamapita kumunda ankachimanga mlomo, akabwera n'kuchimasula kuti chidye. Nyumba inakhala bwino. Mphasa yatsopano sinakhudzidwe. Apongozi anatumiza dzungu lothokoza. Koma chinkhwe chinasiya kulankhula, ndipo chikamasulidwa chinkadzizula nthenga za pachifuwa mpaka khungu kuonekera.

Tsiku lina Kanjedza akutapa chimanga m'nkhokwe anagwira khoswe kumchira. Anatukula mpini kuti amuphe.

"Pepani, achimwene," anatero khoswe. "Ndisiyeni, ndikuuzeni za mnzanu wadazi pachifuwa uja."

"Ukudziwapo chiyani iwe, wakuba?"

"Ife okukuta timadziwana. Ine ndikapanda kukukuta, mano amanditalikira mpaka kulephera kudya. Mnzanuyo mlomo wake nawonso umakula. Kutchire akanasenda makungwa, akanaswa nthanga, ali ndi anzake. Inu mumamutsekera yekha tsiku lonse. Munkati atani, aluke mphasa? Mpatseni chake choti awononge, zanu asiya."

Kanjedza anataya mpini. Khoswe anathawa osatsanzika.

Tsiku lomwelo Kanjedza analiponya pamoto luzi lija. Anakadula nthambi zaziwisi za msuku, anatola zitsononkho za chimanga ndi zigoba za malambe, n'kuzipachika pakhonde. Zofunika zonse anaziika patsindwi. Popita kumunda ankachitenga paphewa, icho n'kumasenda makungwa mumthunzi iye akulima. Kukutu, kukutu, kukutu! Nthambi zikatha, ankakadula zina. Lichero latsopano la apongozi silinakhudzidwe. Nthenga zinamera. Apongozi sanatumenso uthenga.

Koma Kanjedza ankadikira china. Ankadikira, ankadikira, chinkhwe chili duu.

Tsiku lina akutula khasu pakhomo, chinkhwe chinapendeketsa mutu, chinamuyang'ana, n'kutsegula mlomo. Kanjedza anatchera khutu.

"Leka! Choka apo!"

Anali mawu ake a iye mwini, aukali, ouma. Kanjedza anakhala pansi pafumbi n'kulira ngati mwana. Kwa iye, amayi ake anamwalira kachiwiri tsiku limenelo.

Nachisale anamugwira paphewa. "Chiphunzitseninso, bambo. Mwina chikumbuka."

Anachiphunzitsadi. Akachokera kumunda ankakhala nacho pakhonde, n'kumanena motsitsa, "Wadya kodi, mwanawe? Wadya kodi, mwanawe?" Mvula inagwa, inakata. Potsiriza chinkhwe chinanena. Koma chinanena ndi mawu aamuna, mawu a Kanjedza. A malemu aja Kanjedza sanawamvenso mpaka tsiku la imfa yake.

Wamva, mphwanga? Ine nkhaniyi imandiwawa nthawi zonse ndikamainena. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chimene ukuweta chikayamba kuwononga, usathamangire luzi, usathamangire kukalipa. Yamba wafunsa kuti chikusowa chiyani. Lichero amaluka lina. Koma chamoyo chimasunga mawu amene umachiuza kawirikawiri, ndipo tsiku lina chidzakubwezera omwewo.

Nthano yanga yafika pamathero, yathera pomwepa.