Mpando Wakumbuyo m'Khola la Zitsulo

Panali munthu wina amene anali ndi galimoto imodzi yokha, koma ankafuna kuti izimugwirira ntchito ziwiri. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ankapita nayo kuntchito ngati wina aliyense. Loweruka ankapita nayo kunja kwa tauni, ku bwalo lafumbi kumene anthu okonda liwiro amathamangitsana, n'kumaikhotetsa m'makona mpaka matayala kulira. Pa zimenezo sindimudzudzula. Aliyense ali ndi misala yake, ndipo yake inali imeneyo.

Tsiku lina oyang'anira mpikisano anamuuza kuti asadzabwerenso ndi galimotoyo asanaiikire khola la zitsulo. Kholali ndi mapaipi olimba amene amawotcherera m'kati mwa galimoto. Amachokera pansi, kukwera m'mbali mwa zitseko, kudutsa kudenga, n'kutsikira kumbuyo. Ntchito yake ndi yoti galimoto ikagubuduka, denga lisaphwanye woyendetsa.

Munthuyo anapita kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo, bambo wa imvi, wodziwika kuti chimene walumikiza sichilekana. Mmisiriyo ankaidziwa ntchito, ndipo palibe chimene anaba. Anachotsa mipando yonse ndi kapeti. Anagogoda pansi pa galimoto paliponse kufunafuna dzimbiri, ndipo pamene anapeza pofooka anadulapo n'kuikapo chitsulo chatsopano. Sanagwiritse ntchito mapaipi a madzi monga amachitira anthu osaopa Mulungu. Anafuna mapaipi oyenera, n'kuwapinda mosamala kuti asafooke pokhota. Pansi pa mwendo uliwonse wa kholalo anawotchererapo chitsulo chokhuthala, kuti mwendowo usadzaboole pansi tsiku la ngozi. Mapaipi oyandikira mutu wa woyendetsa anawakulunga ndi siponji yolimba. Akumbuyo anawasiya osakulunga, chifukwa kumbuyo kwa galimoto yotere sikukhala munthu. Ngakhale malamba akumbuyo anawachotsa, poti pamene ankamangidwa m'pamene panatera miyendo ya khola.

Ntchitoyi inamutengera masiku asanu ndi anayi. Tsiku lomaliza panatsala kanthu kamodzi kakang'ono. Pansi, kumbuyo, panali timakutu tinayi tachitsulo, tokhala ndi mabowo, tomwe amamangirapo mpando wakumbuyo ndi mabawuti. Mmisiri anatenga makina odulira zitsulo kuti atichotse. Mwini galimoto anamugwira dzanja.

"Amisiri, timeneto musadule."

"Bwana, kumbuyo kuno sikudzakhalanso munthu," anatero mmisiri. "Taonani paipi yopingasa iyi. Munthu akakhala apa, mphumi yake ili apa. Inu ku bwalo mumavala chisoti, ndipo malamba amakugwirani m'mapewa ndi m'chiuno. Nanga wakumbuyoyo adzavala chiyani? Chitsulo chomwe chikukutetezani inuyo, kwa iye ndi nyundo."

"Ndamva, amisiri. Koma galimoto ya mipando iwiri, kwathu adzandiona bwanji? Pamaliro ndidzawauza chiyani abale anga, kuti yendani pansi? Tisiyeni. Sindine mwana ine, sindingakwezeko munthu."

Mwamumva munthu ameneyu? M'kamwa m'modzi munatuluka mawu awiri. Akuti sadzakwezako munthu, komanso akuti pamaliro adzawauza chiyani abale. Mmisiri anamva zonse ziwiri, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti mawu enieni ndi ati. Anali atakhala zaka zambiri m'dziko muno. Ankadziwa kuti kuno mwini galimoto sakaniza mbale wake malo, ndipo pamene pangakhale munthu, tsiku lina padzakhala munthu.

Koma mwini galimoto anali atamuyamikira masiku onsewo, kumutchula katswiri pamaso pa anthu. Mmisiri anachita manyazi kukangana naye. Anaika makina pansi, napukuta m'manja.

"Chabwino, bwana. Galimoto ndi yanu. Ine ndanena."

Mawu amenewo amandinyansa kuposa bodza. "Ine ndanena." Munthu amawayankhula kuti apite kwawo ndi mtima woyera, pamene manja ake asiya khomo lotsekula. Sanali kuteteza wina aliyense pamenepo. Ankangodzikonzera poti adzathawire.

Patapita miyezi iwiri, kholalo linaonetsa mphamvu zake. Pa mpikisano wina munthu uja analowa pakona ndi liwiro loposa nzeru zake. Galimoto inagubuduka katatu, n'kukaima chagada. Anthu anathamangirako ena akulira kale. Iye anamasula malamba, natulukira pawindo, navula chisoti, n'kuyamba kuseka. Analibe ngakhale kabala. Anzake anamunyamula m'mwamba, ndipo dzina la mmisiri linamveka m'tauni monse. Galimoto anaiwongola, kuipakanso penti yofiira, ikuwala kuposa kale.

Kuyambira tsiku limenelo mutu unamukula. Aliyense womuyandikira ankamugogodera paipi ndi chala, n'kumati muno imfa simulowa. Anaiwala kuti tsiku lija sanapulumuke ndi khola lokha. Panali chisoti, panali malamba, panali mpando womugwira ngati dzanja. Iye anangokumbukira zitsulo, chifukwa ndi zimene anthu ankaziona.

Munthuyu anali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Zione. Anali mphunzitsi wa sitandade 2. M'kalasi mwake munali ana oposa makumi asanu ndi atatu, koma pofika sabata yachitatu ya teremu ankawadziwa onse mayina, kudzanso mayina a amayi awo. Mchimwene wakeyo ankamukonda zenizeni, musaganize kuti ankamuda. Ndiye anamulera makolo awo atamwalira.

Zione anapeza banja, ndipo tsiku la ukwati linakhazikitsidwa. Pa msonkhano wokonzekera, ankhoswe atafunsa za galimoto yonyamula akwati kuchokera kutchalitchi kupita ku holo, munthu uja anaimirira asanamalize n'kufunsa komwe. Anati mlongo wake sangakwere galimoto yobwereka iye ali moyo. Anthu anaomba m'manja. Palibe anafunsa kuti akwatiwo akakhala pati.

Lachisanu masana anatulutsa mpando wakumbuyo m'chipinda chosungira katundu, naupukuta fumbi. Anaulowetsa mopendeketsa pakati pa mapaipi. Timakutu tija tinali pomwepo, tonse tinayi, tikudikira. Mabawuti analowa osavuta. Ntchito yonse sinathe ngakhale mphindi khumi. Akanapeza palibe pomangira, akanatukwana mmisiri, n'kukabwereka galimoto ina. Koma anapeza zonse zili m'malo, ngati kuti wina wamuvomereza. Kenaka anatenga maliboni oyera n'kukulunga mapaipi akumbuyo, kuti chitsulo chioneke chaukwati.

Loweruka atadalitsa ukwati, akwati anatuluka m'tchalitchi, amayi akululutira. Kulowa m'galimoto muja inali ntchito. Mkwati anapinda miyendo ngati akulowa m'khola la nkhuku, ndipo diresi ya mkwatibwi inakola pa paipi. Anthu anaseka, ena akujambula. Zione anakhala kumbuyo kwa woyendetsa, pamene paipi yopingasa ija imakumana ndi inzake. Anafufuza lamba, osamupeza.

"Achimwene, chitsulochi chikundigunda pamutu."

"Ingowerama pang'ono, mlongo wanga. Mu mdipiti wonsewu mulibe galimoto yotetezeka kuposa ino. Ine ndinagubuduka nayo katatu, wandiona bala?"

Zione anaseka, nakonza velo yake. Ankawakhulupirira achimwene ake.

Mdipiti unanyamuka monga mukudziwira midipiti ya ukwati: mahutala akulira, magetsi akuphethira, galimoto zikuyenda mokhotakhota ngati zaledzera. Kutsogolo kunali kalole konyamula wojambula kanema. Munthu uja ankalizitsa injini kuti anthu a m'mbali mwa msewu atembenuke, dzanja limodzi lili panja akuwabayibitsa. Atafika pa chitunda cha pamsewu pafupi ndi msika, kalole kaja kanaima mwadzidzidzi. Iye anaponda mabuleki mochedwa, n'kukagunda kumbuyo kwake.

Sinali ngozi yoti n'kuitchula ngozi. Liwiro lake silinapose la njinga yotsika mtunda. Nyali imodzi yakutsogolo inasweka, basi. Woyendetsa anatuluka akukalipira mwini kalole. Mkwati anagunda phewa pa mpando wakutsogolo, n'kungoti mayo. Khola silinapindike ngakhale pang'ono, poti linali lopangidwa bwino.

Amene anayamba kukuwa ndi mkwati. Zione anali atatsamira paipi ija, maso ali otseka, liboni yoyera ikusanduka yofiira.

Sanamwalire. Anagona m'chipatala milungu isanu, kenaka anatuluka akuyenda yekha. Koma china chake chinatsalira pa chitsulo paja. Zakale zonse amazikumbukira, mpaka sabata ya ukwati wake. Kuchokera pamenepo palibe chimene chimakhazikika. Ukamuuza kanthu m'mawa, pofika masana kapita. Anayesa kubwerera kusukulu, koma ana amene anamuuza mayina awo dzulo, lero ankawafunsanso. Anasiya ntchito. Mwamuna wake ndi munthu woleza mtima, tsiku lililonse amamuonetsa mphete ndi zithunzi. Iye amaziyang'ana mwaulemu, ngati zithunzi za ukwati wa munthu wina.

Mbiri inamufika mmisiri uja. Palibe anamuimba mlandu. Anthu ankati iye ananena, wolakwa ndi mwini galimoto. Mwini galimotonso ankadziimba mlandu yekha, ndipo ndi zoona, mlandu anali nawo waukulu. Koma mmisiri sanathe kumeza mawu aja akuti ananena. Ankadziwa kuti tsiku lija makina anali m'manja mwake, atayaka kale.

Tsiku lina m'mawa ananyamula makinawo ndi chingwe cha magetsi, napita kunyumba kwa munthu uja osaitanidwa. Galimoto inali pansi pa mtengo, itakutidwa ndi lona. Zione anali pakhonde, poti masana mwamuna wake akapita kuntchito ankamusiya kwa achimwene ake. Mmisiri anapereka moni, koma sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Anavundukula lona, namasula mpando uja n'kuuponya panja. Kenaka anadula timakutu tija, kamodzikamodzi, mpaka pansi panasalala. Mwini galimoto anaima pakhomo, manja ali kumbuyo, akuonerera. Ntchito yonse inatha madzi a tiyi asanawire.

Mmisiri anatola tizitsulo tinayito n'kutiika m'thumba. Pamene iye ankapinda chingwe chake, Zione anamuitana ndi nkhope yosangalala.

"Madala, ndinu amene mukukonza galimoto ya ukwati wanga? Chonde ikhale itatha pofika Loweruka. Achimwene alonjeza kuti andinyamula okha."

Mmisiri anamaliza kupinda chingwe chija, nanyamula makina ake, n'kumapita.

Tsopano ndikutembenukira kwa inu, amene mawa mukulandira mapepala anu n'kukatsekula malo anuanu owotcherera. Ndakuphunzitsani kulumikiza chitsulo kuti chisalekane, ndipo ambiri mwa inu mukutha. Koma ntchito ya mmisiri uja inalibe chilema. Chimene chinapweteka Zione si pamene anawotcherera molakwika. Ndi pamene anasiya osadula.

Adzabwera kwa inu anthu aulemu, okuyamikirani, odziwa kuyankhula. Adzakuuzani kuti siyani, ndikudziwa chimene ndikuchita. Pamenepo musayang'ane nkhope ya amene waima patsogolo panu. Iye ali ndi chisoti chake. Ganizirani amene palibe pamenepo, amene sanamve chenjezo lanu, amene adzangouzidwa kuti ingowerama pang'ono. Ngati mukudziwa kuti chinthu chidzavulaza munthu, ndipo makina ali m'manja mwanu, dulani. Akakana, muuzeni atenge galimoto yake apite nayo kwina. Adzakwiya, adzakunenani kuti ndinu amwano. Mkwiyo wake udzatha pofika Lolemba. Za Zione sizinathe mpaka lero, ndipo papita zaka khumi ndi chimodzi.

Ndikadzamva mmodzi wa inu akunena kuti "ine ndinanena," ndidzadziwa kuti ndinataya nthawi yanga pa iye.

Timakutu tija ndi iti, ndatiika patebulopa. Musandifunse kuti ndinatipeza bwanji, mwadziwa kale. Bwerani mmodzimmodzi, aliyense atinyamule m'manja mwake asanatuluke, amve kupepuka kwake.